Boma likati zida ndibweretsa ndekha, lisaine kaye tsiku lozibweretsa

Kuno ku Kasungu nyanja kulibe, madzi athu aakulu ndi Bua ndi Dwangwa basi, kuti uone sitima mpaka ukwere galimoto udutse nkhalango ya Nkhotakota ukafike kugombe. Nde wina atha kufunsa kuti za sitima zankhondo zatilowa bwanji ife alimi a fodya. Zatilowa chifukwa ndalama yogulira chida chilichonse cha asilikali ndi yomwe ija amatidula pa Chinkhoma ndi pa VAT ya sopo ndi shuga, komanso pali kachitidwe kena ka makontirakiti kamene kadya mabiliyoni m'mayiko olemera omwe ali ndi akatswiri mbwee, ndipo sindikuona chifukwa choganizira kuti ife tingachenjere kuposa iwo.

Kachitidwe kake ndi aka. Boma likafuna sitima yankhondo limapatsa kontirakiti kampani yomanga sitima, koma silimaisiyira zonse. Limati iwe manga thupi la sitima, ika mapaipi, mawaya, zipinda zogona asilikali, koma rada, mizinga, mfuti zikuluzikulu, mawailesi achinsinsi, pena ndi injini imene, ndigula ndekha kwina ndikubweretsera udzangomangirira. Ku America zimenezi amazitcha government-furnished equipment, ndipo si zinthu zochepa ayi, pa sitima za mtundu wa Arleigh Burke zimene zimamangidwa ku Bath Iron Works ku Maine ndi ku Ingalls ku Mississippi, makina onse owongolera nkhondo a Aegis boma limagula palokha kwa Lockheed Martin, omanga sitima amangolandira.

Zifukwa zake ndi zomveka ndipo sindikuzinyoza. Boma likagula marada ambiri nthawi imodzi mtengo umatsika kusiyana ndi kuti kampani iliyonse izigula imodzimodzi. Likagula lokha silipereka kaphindu kamene kontirakita amaika pamwamba pa chilichonse chimene wagula m'malo mwako. Sitima zonse zikakhala ndi zida zofanana, msilikali wophunzira pa imodzi atha kugwira pa inzake ndipo masipeya ndi amodzi. Komanso pali zida zimene sizigulitsidwa kwa kampani wamba, zimayenda boma kwa boma, makina a nyukiliya oyendetsa sitima za pansi pa madzi sungauze kontirakita kuti kasake pamsika. Zonsezi ndi zoona. Vuto langa ndi loti anthu a m'maofesi amakonda kuwerenga mbali iyi yokha, mbali yopulumutsa ndalama, osawerenga chimene boma ladzisenzetsa pamutu tsiku limene lanena kuti ndibweretsa ndekha.

Aliyense amene anamangitsapo nyumba pa leba akudziwa kale nkhaniyi. Mwauza mmisiri kuti bambo inu ndikulipirani ya manja okha, simenti, njerwa ndi mafelemu ndigula ndekha, poopa kuti angakubereni pa mitengo. Khoma lafika pa windo, mafelemu kulibe chifukwa owotcherera pa tauni sanamalize kapena ndalama ya soya sinalowe. Mmisiri ali ndi njira ziwiri, akhale pansi ndi anyamata ake mukuwadyetsa ndithu, kapena apitirize kumanga asiye mabowo ongoganizira, ndipo mafelemu akabwera apezeka ndi aakulu ndiye kuyamba kugumula khoma latsopano. Ikadzang'aluka nyumba mudzamuloza ndani? Iye adzati simenti munagula ndinu bwana, inali youma kale. Mulibe poyankha.

Pa sitima ndi zomwezo koma ululu wake ndi wochulukitsa. Sitima yaikulu simangidwa ngati bokosi limodzi loti uzidzalowetsamo katundu pa khomo, imamangidwa zigawo zigawo, chigawo chilichonse chimadzazidwa ndi makina ake chikadali chotseguka kenako n'kuziwotcherera pamodzi. Chida chikaphonya nthawi yake chigawo chija chatsekedwa, ndiye mwina ntchito iime, mwina adzaboole chitsulo chimene anawotcherera kale, achotse mapaipi ndi mawaya omwe anaika, alowetse chidacho, abwezeretse zonse, ayesenso. Ntchito imene ikanatenga maola ochepa m'shedi imatenga masiku ambiri sitima ili pamadzi chifukwa malo ndi othina ndipo amisiri amapondana. Ndipo doko lomangira likakhala lodzaza ndi sitima yochedwa, yotsatira pamzere nayonso yachedwa, amisiri mazanamazana akulandira malipiro akudikira.

Chimene ambiri sadziwa n'choti kuchedwa sikuyamba ndi chitsulo, kumayamba ndi pepala. Zaka zingapo rada isanafike, wojambula mapulani a sitima ayenera kudziwa kuti ikulemera bwanji, idya magetsi ochuluka bwanji, itentha motani kuti aike zoziziritsa, mawaya ake ndi akulu bwanji ndipo adutsa pati. Zonsezi zimachokera kwa boma chifukwa ndilo mwini rada. Ngati radayo ikadali kupangidwa ndipo manambala akusinthasintha, mapulani a sitima nawo asinthasintha, ndipo kusintha kulikonse kuli ndi invoisi yake.

Apa ndi pamene pamalowa maloya. Malamulo a America ogulira katundu wa boma, amene amawatcha FAR, ali ndi gawo 45 lonena za katundu wa boma amene ali m'manja mwa kontirakita, ndipo amanena poyera kuti boma likachedwa kubweretsa, kapena likabweretsa chinthu chosayenera ntchito yake, kontirakita ali ndi ufulu wopempha kuti mtengo ndi nthawi ziwonjezedwe. N'chilungamo ndithu, palibe angakane. Koma taganizani kampani imene yachedwa kale pa zifukwa zakezake, amisiri ochepa, kuwerengera molakwika pa tenda, ndiye boma lachedwetsa kachida kamodzi. Mpata umenewo sangauphonye, kuchedwa konse kwa chaka adzakukoloweka pa kachida kameneko, ndipo kuti usiyanitse kuti mwezi uwu walakwa ndi uyu mwezi uwu ndi uyu zimatenga zaka m'makhoti. M'zaka za m'ma 1970 Navy ya America, gulu lawo la asilikali apamadzi, inapezeka ili ndi madandaulo a makampani omanga sitima okwana pafupifupi madola 2.7 biliyoni, kuchokera kwa Electric Boat, Ingalls ndi Newport News, ndipo mwa zifukwa zimene ankapereka munali kusintha kwa mapulani ndi kuchedwa kwa zinthu za boma. Admiral Hyman Rickover analimbana nawo kwambiri akunena kuti ambiri mwa madandaulowo ndi okokomeza, komabe mu 1978 boma linagwirizana nawo n'kulipira ndalama zambiri kuti sitima zimalizidwe. Ukakhala kuti sitima ukuifuna ndipo omanga ndi ochepa, ulibe mphamvu zokana kwa nthawi yaitali.

Chitsanzo cha masiku athu ano ndi USS Gerald R. Ford, chisitima chonyamula ndege chimene chinamangidwa ku Newport News ku Virginia. Anayamba kuchilumikiza mu 2009, chinaperekedwa kwa Navy mu 2017, mtengo wake unafika cha m'ma madola 13 biliyoni. M'menemo boma linalonjeza kubweretsa lokha zinthu zatsopano zingapo, makina oponyera ndege m'mwamba pogwiritsa ntchito maginito m'malo mwa nthunzi otchedwa EMALS, makina ogwira ndege ikamatera, onsewa a General Atomics, ndi rada yatsopano. Vuto n'loti pamene sitima inkamangidwa zinthuzi zinali zisanathe kuyesedwa, ankaziyesabe pamtunda ku Lakehurst ku New Jersey uku zina akuzimangirira kale m'sitima, nde akapeza cholakwika kumtunda kuja ayenera kubwera kudzakonza chimene chili kale m'kati mwa chitsulo. Ofesi yawo yofufuza za ndalama za boma, GAO, inachenjeza kangapo za zimenezi ntchito ili m'kati. Sitima inalandiridwa mu 2017 koma ulendo wake woyamba wa ntchito unachitika mu 2022.

Ya sitima zina za America za mtundu wa Zumwalt ndiye yoseketsa momvetsa chisoni. Anakonza zomanga sitima 32, mitengo itakwera anadula mpaka zinatsala zitatu zokha. Mfuti zake zikuluzikulu za 155 mm boma linaziitanitsa padera, ndi zipolopolo zapadera zongolowa mfuti imeneyo basi. Poti sitima zachepa, zipolopolo zofunika zinachepanso, mtengo wa chimodzi unakwera kufika cha m'ma madola 800,000, ndipo mu 2016, chaka chomwe sitima yoyamba inalowa ntchito, Navy inasiya kugula zipolopolozo. Omanga sitima ku Bath anachita mbali yawo, sitima inayandama bwinobwino, koma inayenda zaka ndi mfuti ziwiri zopanda choombera mpaka anaganiza zozichotsa kuti aikepo mizinga ina. Pamenepo sungamange kontirakita mlandu, chisankho chinali cha mwini.

Ndiye kodi yankho n'kungomusiyira kontirakita zonse, atipatse kiyi sitima itatha? Ena amatero, ndipo ndikanakonda zikanakhala zophweka chonchi. Pa Ford pomwepo, zikepe 11 zokwezera mabomba kuchokera pansi kupita pamwamba zinali m'manja mwa kampani yomanga, osati boma, koma nazo zinavuta zedi, chomaliza chinatha mu December 2021 patapita zaka zinayi sitima italandiridwa. Chinthu chosakhwima ndi chosakhwima basi, kaya wagula ndani.

Ndipo pafupi pompa, a neba athu a ku Mozambique anasonyeza kuti kugula zonse kwa munthu mmodzi nakonso kuli ndi dzenje lake. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, anatenga ngongole pafupifupi madola 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, zambiri mobisa nyumba ya malamulo isakudziwa, kuti agule maboti ophera nsomba za tuna, maboti olondera gombe, marada ndi zina, zonse kwa gulu limodzi la Privinvest. Zitaululika mu 2016 IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama yawo ya metical inagwa, maboti ambiri anangokhala padoko ku Maputo akuchita dzimbiri. Ofufuza a Kroll mu 2017 anapeza kuti madola 500 miliyoni sakudziwika kumene anapita, ndipo nduna ya zachuma ya nthawiyo Manuel Chang inapezeka yolakwa ku khoti ku New York mu 2024. Kumeneko panalibe za boma kubweretsa zida mochedwa, panali mtengo umodzi waukulu wophimba zonse moti palibe akanatha kufunsa kuti boti imodzi ndi zingati, rada imodzi ndi zingati.

Ku South Africa anagawa ntchito pawiri. Pa mgwirizano wa zida wa 1999 anagula sitima zinayi zankhondo, matupi ake anamangidwa ku Germany, ku Hamburg ndi ku Kiel, n'kubwera ku Simon's Town kuti zida ndi makina omenyera nkhondo zidzaikidwe kwawo konko, yoyamba, SAS Amatola, inafika mu 2003 koma inalowa ntchito mu 2006. Ganizo lake linali labwino, lopatsa ntchito makampani a kwawo. Koma mbali ya zidayo ndi imene inatulutsa fungo, Schabir Shaik amene anali ndi gawo mu kampani ina yogwira ntchitoyo pamodzi ndi Thomson-CSF ya ku France anapezeka wolakwa pa katangale mu 2005 n'kulamulidwa zaka 15, chaka chomwecho Thabo Mbeki anachotsa Jacob Zuma pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo mlandu wa Zuma ndi Thales (dzina latsopano la Thomson-CSF ija), umene iye amaukana, wakhala ukukokedwa zaka ndi zaka. Pamene boma lili ndi mawu posankha kuti chida ichi chichokere kwa uyu, pamenepo m'pamene andale amaika dzanja, chifukwa thupi la sitima aliyense amaliona koma mabokosi a magetsi a m'kati mtengo wake amaudziwa ndi anthu ochepa.

Maganizo anga ndi awa. Boma lili ndi ufulu wobweretsa zida lokha, pena lilibenso kuchitira mwina, koma lizichita zimenezo pa chida chimene chilipo kale, chinayesedwa, chikugwira ntchito kwina, osati chimene chikadali pa kompyuta ya injiniya. Ndipo kontirakiti ikhale ndi ndandanda ya chida chilichonse ndi tsiku lake lofikira padoko, tsiku lopereka mapepala ake, ndi dzina la ofesala amene adzayankhe likaphonyeka. Ngati boma silingathe kulemba tsiku, ndiye silinakonzeke kulonjeza, limusiyire kontirakita agule, alipiritse kaphindu kake, koma mitengo ya chimodzichimodzi ilembedwe poonekera. Kaphindu ka kontirakita kamawawa inde, koma kamadziwika pa tsiku losaina. Bilu ya kuchedwa simadziwika mpaka loya atamaliza kuwerenga.

Kwa ife Amalawi mfundo ya tsikuyi ndi yoopsa kuposa kwa Amereka, ndipo tonse tikudziwa chifukwa chake: forex. Dziko limene limasowa madola ogulira mafuta mpaka mizere pa filling station kufika kumsika, limene feteleza wa sabuside nthawi zina amafika chimanga chitafika kale m'mawondo, lingalonjeze bwanji kampani ya kunja kuti injini kapena wailesi ifika pa 1 June ndithu? Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Bajeti ya chida imene inavomerezedwa m'makwacha chaka chisanathe yasanduka theka la chida. Kontirakita amene wadikira miyezi isanu ndi umodzi sadzamva zoti Reserve Bank inalibe madola, adzatumiza bilu, m'madola omwewo amene tilibe.

Musaganizenso kuti poti tilibe nyanja ya mchere ndiye sizingatikhudze. Asilikali athu apamadzi ali ku Monkey Bay, nyanja ndi yaitali, mkangano wa malire ndi Tanzania sunathe, maboti adzafunikabe kugulidwa. Ndipo kwa ife chombo chachikulu sichingabwere choyandama kuchokera ku fakitale, chimabwera pamtunda, chathunthu pa lole ngati ndi chaching'ono kapena zidutswa. Ilala imene inamangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949 inabwera zidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyenda mu 1951. Ndiye kugawikana kwa ntchito, uyu wapanga, uyu wanyamula kudzera ku Beira kapena Nacala, uyu walumikiza, uyu waika zida, kwa ife n'kosathawika, ndipo pa mfundo iliyonse yolumikizira pali mpata woti wina aloze mnzake chala. Bokosi likafika lonyowa, linanyowera pa doko, pa boda ya Mwanza, kapena m'shedi ya kontirakita? Ngati palibe anatsegula n'kusaina pa malo alionse, yankho ndi loti alipira ndi a Chinkhoma aja.

Pali kavuto kena koti kufulumira nako kumapweteka. Ofesala woopa kuchedwa amagula zida msanga, zikafika sitima isanakonzeke zimakhala m'nyumba yosungira katundu chaka, zaka ziwiri, waranti ikutha zili m'makatoni, mabatire akufa, marabala akuuma, pulogalamu ya m'kompyuta yake ikukalamba. Tsiku loyatsa chikakana, wopanga akuti waranti inatha, womanga sitima akuti ine ndinangolandira. Waranti ya chida chotere iyenera kuyamba kuwerengedwa tsiku limene chayatsidwa m'sitima, ndipo zimenezo zimakambidwa pogula, osati chitafa.

Kenako nkhani ya kaundula, imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse koma siikoma m'nyuzi. Chida cha boma chikalowa pa geti ya kontirakita chimakhalabe cha boma, koma amene akuchiona tsiku ndi tsiku ndi kontirakita. Ndani akulemba kuti chalowa, chili pa shelefu iti, chamangiriridwa pa sitima iti, chatsala n'chiti, chobwezedwa n'chiti? Pentagon, unduna wa zachitetezo wa America, ndi makompyuta ake onse yakhala ikulephera oditi chaka ndi chaka kuyambira 2018, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi katundu wa boma amene ali kwa makontirakita, iwo eni anayerekeza mu 2014 kuti ndi wa madola oposa 220 biliyoni koma GAO inati nambalayo mwina ndi yochepa kusiyana ndi zenizeni chifukwa mabuku sali bwino. Ngati awo akusokonezeka, ife amene mathirakitala ogulidwa ndi ngongole ya ku India anathera m'manja mwa akuluakulu pa mitengo yozizira mpaka Ombudsman Martha Chizuma anachita kutulutsa lipoti mu 2016, tili ndi chifukwa chanji chodzikhulupirira? Thirakitala ndi chinthu chachikulu chofiira choti mwana wa sukulu amachiona pa msewu, nanga kabokosi ka wailesi ya madola masauzande kolowa m'chikwama?

Ndikudziwa yankho limene limabwera nthawi zonse, akuti izi ndi za chitetezo cha dziko, sizikambidwa pagulu. Pena n'zoona, sindikufuna kudziwa kuti rada yathu imaona patali bwanji kapena wailesi imalankhula pa mafunde ati, zimenezo bisani ndithu. Koma kuti tinagula zingati, pa mtengo wanji, zinafika liti, zili kuti lero, chimenecho si chinsinsi cha nkhondo, mdani sapindula nacho kanthu, wopindula ndi kubisako ndi wa m'nyumba momwemo. Tili ndi lamulo logulira ndi kugulitsa katundu wa boma ndi bungwe la PPDA, tili ndi Auditor General, tili ndi komiti ya nyumba ya malamulo yoona za chitetezo. Ngati sizingalembedwe m'nyuzi, akhale m'chipinda chotseka, mafoni asiye panja, koma kaundula aikidwe patebulo ndipo wina wa ku oditi apite yekha ku shedi akawerenge makatoni ndi manambala ake mmodzimmodzi.

Ndipo aphungu athu a kuno, a ku Kasungu ndi Mchinji omwe, akamva za kontirakiti ya maboti kapena chida chilichonse cha MDF asamangofunsa kuti ndi ndalama zingati. Afunse kuti m'kontirakitimo muli zinthu zingati zimene boma lati libweretsa lokha, madola ake ali kale pa akaunti kapena tikuyembekeza fodya wa chaka chamawa, ndipo tikachedwa mwezi umodzi kontirakita walemba kuti tidzamulipira zingati pa tsiku.